Tinanamizira mlendo

Malaiti anabwera cha m'ma 1 koloko usiku. Amene munali mu Lusaka muno mu Seputembala wa 2024 mukukumbukira mmene zinthu zinalili. Madzi ku damu la magetsi la Kariba anali atatsika chifukwa cha chilala, ndipo ife kuno ku Chilenje masiku ena magetsi tinkawaona maola atatu okha, nawonso pakati pa usiku. Babu la pabalaza tinkalisiya dala lotsegula kuti likayaka litidzutse. Likangoti ngwee, nyumba yonse dzambatu. Amayi a kunyumba agwira simbi, ana akulimbirana soketi ya machaja, firiji yayamba kung'ung'udza, aneba ayatsa wailesi ngati kwacha.

Ine usiku umenewo ndinathamangira pa kompyuta, mtima uli dyokodyoko, poti masana ndinali nditaikamo hard drive yachiwiri, diski yosungira zinthu, ndipo ndinali ndisanaiyese. Ndinadina batani. Fani inazungulira, sikirini inayaka, ndinadina batani la F1 pa kiyibodi monga mwa masiku onse, kenako m'malo mwa mawindo anayi aja a chizindikiro cha Windows ndinangoona mdima ndi timawu toyera pakona: BOOTMGR is missing.

Ndinazimitsa, ndinayatsa. Chimodzimodzi. Kachitatu, chimodzimodzi. Thukuta linayamba kutuluka ngakhale kunja kunali kamphepo.

Kuti mumvetse mantha anga, ndinene zimene zinali m'bokosi limeneli. Loweruka ndi Lamlungu ndimajambula mavidiyo a maukwati, ndipo panthawiyo munali ntchito ziwiri za eni zomwe ndinali nditadyera kale theka la ndalama. Munali mavidiyo a Kulamba amene ndinajambula ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a kuno, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Koma chimene chinandiumitsa pakamwa si zimenezi. Munali mawu a malemu agogo anga a ku Katete, akusimba nthano ndi kutchula mayina a makolo athu mmodzimmodzi, amene ndinawajambula pa foni zaka zingapo asanatisiye. Foniyo inatayika kalekale. Mawuwo analibe kwina kokhala.

Kompyutayi ndi ya pa tebulo, yakale, ija imachokera m'maofesi akamasintha zipangizo. Inabwera ndi diski ya 500 GB yogawidwa pawiri, C ya Windows ndi D ya zinthu zanga. Mavidiyo a Kulamba atalowa, kamzere ka pansi pa D kanafiira, ndipo pulogalamu yodulira mavidiyo inayamba kukana kusunga ntchito. Ndiye ndinakwera basi kupita m'tauni, ndinazungulira timashopu ta cha ku Katondo Street, mpaka ndinapeza diski ya 1 TB yogwirapo kale ntchito. Mnyamata wogulitsayo anaipukuta ndi malaya ake n'kundiuza kuti, "Iyi ili chabe bwino, bosi, tinaifomata." Sindinatsutse. Mtengo wake unali wogwirizana ndi thumba langa.

Kuika hard drive m'bokosi si ntchito yoti munthu n'kudzitama nayo. Umazula chingwe cha kukhoma, umatsegula chivindikiro cha m'mbali, umagwira kaye chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwako asaononge kanthu. Diski ya mtundu wa SATA, ngati yangayi, imafuna zingwe ziwiri: chopyapyala chopita pa motherboard, bolodi lalikulu limene zonse zimalumikizidwapo, ndi chotambalala chochokera ku power supply, kabokosi kogawa magetsi. Zonse zili ndi kamlomo kokhota ngati L, moti kuti uzilowetse chozondoka uyenera kuchita kulimbana nazo. Chimene chinandichedwetsa ndi fumbi. Fumbi la Lusaka la miyezi yotentha mukulidziwa, lofiirira, losalala ngati ufa woyera. Linali litaundana pa fani ngati thonje, ndipo ndinatha theka la ola ndikulichotsa ndi kaburashi ka penti pakhonde, ndikuyetsemula. Pa motherboard ndinaona timabowo ta SATA tolembedwa manambala. Diski yakale inali pa SATA1. Pa SATA0 panali pululu. Ndinangoti apa pali malo, n'kulumikizapo yatsopanoyo. Zimenezi zisungeni, tizipezanso kutsogolo.

Usiku uja, nditatopa ndi kuzimitsa ndi kuyatsa, amayi anasiya kusita n'kudzaima kumbuyo kwanga.

"Abambo, dzulo inali bwino?"

"Inali bwino."

"Nanga mwaikamo chiyani?"

Ndinawalozera.

"Chotsanimoni."

Ndinafuna kuwafotokozera kuti nkhani za makompyuta sizili choncho, koma ndinalibe yankho lina. Ndinazula chingwe cha kukhoma, ndinachotsa kachingwe kopyapyala ka diski yatsopano, ndinayatsa. F1. Windows inatsegula bwinobwino. Maukwati onse awiri alipo, Kulamba kulipo, agogo alipo. Ndinatsegula fayilo imodzi kuti nditsimikize, ndipo mawu awo osasa aja anamveka m'chipinda usiku wa 2 koloko: "Padangotero." Mwana wathu wamng'ono, ali ndi chaja m'manja, anayankha kuchokera pabalaza: "Tili tonse."

Apa m'pamene nzeru zinabwerera. Palibe chimene chinafufutika. Kompyuta inkangogogoda pa khomo lolakwika.

Kompyuta ikamayaka sidziwa kuti Windows ili kuti. Choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kokhala pa motherboard kotchedwa BIOS, ndipo kali ndi mndandanda wa makomo oti kagogode, ili loyamba, ili lachiwiri. Pamene munali diski imodzi, panalibe zosankha. Nditaika yachiwiri pa SATA0, BIOS inayamba ndi imeneyo. Ikanakhala yatsopano ya m'sitolo, yopanda chilichonse, mwina ikanangoidumpha. Koma iyi inali itakhalapo ndi Windows ya munthu wina, ndipo kufomata kwa m'tauni kuja kunachotsa mafayilo n'kusiya chizindikiro chonena kuti chigawo ichi n'choyatsira. Zili ngati nyumba imene anthu anasamuka koma chikwangwani chikadali pa geti. BIOS yalowa, yaitana BOOTMGR, kapulogalamu kodzutsa Windows, palibe woyankha, ndiye yangoima pompo n'kumandiuza ine.

Ndinabwezera kachingwe kaja, poyatsa ndinadina F2 kangapo mpaka ndinalowa mu BIOS. Pa makompyuta ena batani lake ndi Del kapena F10, limalembedwa pa sikirini kwa kamphindi kompyuta ikamayaka. Ndinapeza pamene pali mndandanda uja, ndinakweza diski yakale pamwamba, ndinasunga, ndinatuluka. Windows inayaka, ndipo mu File Explorer, moonera mafayilo, munatulukira malembo awiri atsopano, E ndi F.

Chimwemwe changa chinatha msanga nditatsegula Disk Management, pulogalamu ya Windows yoonetsa madiski ndi zigawo zake, n'kuona kuti diski yonse ndi 931 GB. Ndinalipira 1 TB. Ndinayamba kale kukonza mawu okamuuza mnyamata uja, mpaka ndinayang'ana diski yanga yakale ya 500 GB n'kuona kuti nayonso yalembedwa 465. Palibe amene anandibera. Opanga madiski amawerenga ndi 1,000, pamene Windows imawerenga ndi 1,024, ndipo kusiyanako kukachulukitsidwa katatu kumadya pafupifupi 7 pa 100 iliyonse. Thumba ndi lomwelo, zidebe zoyezera ndi zimene zasiyana.

E inali yopanda kanthu. F ndi imene inandikhazika chete. Mnyamata uja anafomata chigawo chimodzi n'kuiwala chinacho. Munali mafoda a munthu: zithunzi za tsiku lomaliza maphunziro, mwana wakhanda atakulungidwa m'chitenje, makalata ofunsira ntchito, chithunzi cha NRC, chitupa cha unzika, mbali zonse ziwiri. Ndisanaganize chochita, babu linazima. Firiji inasiya kung'ung'udza. Tinakagona.

Usiku wotsatira malaiti atabwera, ndinayatsa ndili ndi mtendere wa munthu amene anathetsa kale mlandu. F1. BOOTMGR is missing.

Ndinalowa mu BIOS. Diski yatsopano yabwereranso pamwamba. Ndinaganiza kuti dzulo, ndi tulo, ndinatuluka osasunga. Ndinakonza, ndinasunga mosamala, ndinayatsanso kawiri kuti ndione. Zili bwino. Usiku wachitatu, zomwezo. Wachinayi, zomwezo. Mwa maola atatu a magetsi, mphindi khumi zoyamba zinkathera pa mwambo umenewu, ndipo mtima wanga unaipira diskiyo. Ndinkaitcha mlendo wosadziwa malo ake, wofika dzulo n'kukhala pa mpando wa mwini nyumba. Ndinasintha kachingwe kake. Ndinaganizapo kuti mwina power supply ikuchepa mphamvu, poti diski yozungulira imakoka magetsi ambiri pa kamphindi koyamba, koma zimenezo sizikanasintha mndandanda wa mu BIOS. Ndinaganizaponso za vairasi. Lachisanu ndinaichotsa, n'kuikulunga m'nyuzipepala kuti Lolemba ibwerere kwawo.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi kunabwera mwana wa mlongo wanga, amene amakonza mafoni ndi malaputopu m'tauni. Kunalibe malaiti, ndiye kompyuta sakanaiyatsa. Anadya nsima yake ndi chibwabwa chotendera, anasamba m'manja, anamvetsera dandaulo langa lonse osandidula. Nditamaliza anafunsa funso limene ndinaliona ngati lopanda mutu.

"Amalume, wotchi yake imakamba zoona?"

"Wotchi ya chiyani?"

"Ya pa kompyuta, pakona paja."

Ndinati imalondola. Amayi ali kukhitchini anaseka. Anandikumbutsa kuti kuyambira m'nyengo yozizira akhala akudandaula kuti akafuna kutsegula Facebook kompyuta ikangoyaka, imakana n'kunena kuti wotchi yatsalira, ndipo amadikira kaye kuti ilumikizane ndi intaneti ya pa foni kuti tsiku likonzeke lokha. Anandiuzapo kawiri. Ndinawayankha kuti ndi netiweki.

"Nanga poyaka, siikulemberani kanthu?"

"Imangofuna F1."

"Imakamba kuti chiyani isanafune F1?"

Ndinakhala chete. Miyezi inayi kapena isanu ndinali ndikudina batani limenelo tsiku lililonse, ngati mmene umayankhira "ndili bwino" kwa munthu wodutsa pa msewu, ndipo mizere iwiri ya pamwamba pake ndinali ndisanaiwerengepo ndi kamodzi komwe. Kunena chilungamo, ndinkaganiza kuti ndi ukalamba wa kompyuta, ngati chifuwa cha m'mawa cha nkhalamba.

Mnyamatayo anatsegula bokosi, anaunika ndi tochi ya foni, n'kundilozera kanthu kozungulira konyezimira pa motherboard, kangati ndalama yachitsulo ya ngwee. Anakankha kachitsulo ka m'mbali ndi chikhadabo, kanthuko kanadumpha. Pamsana pake panalembedwa CR2032. Manambalawo ndi muyeso wake: mamilimita 20 m'mimba mwake, mamilimita 3.2 kuchindikala. Katsopano kamapereka mavoti atatu. Anatulutsa mita m'chikwama chake, anagunditsa timawaya tiwiri, n'kunditembenuzira kuti ndione ndekha. Sikanafike ngakhale voti imodzi.

Mmene anafotokozera ndi mmene ndikufotokozerani. Pa makompyuta akale ngati yanga, zimene wasankha mu BIOS pamodzi ndi tsiku ndi nthawi zimafuna kamoto kakang'ono kosazima kuti zisaiwalike. Kompyuta ikakhala yozimitsa koma chingwe chili kukhoma ndipo magetsi alipo, power supply imapereka kamoto kameneko. Magetsi akachoka, kabatireka ndi kamene kamagwirizira. Zaka zonse zimene malaiti ankapita mwa apo ndi apo, kabatire kokalambako kankapuma. Chaka cha chilala kanayamba kugwira ntchito maola ambirimbiri pa tsiku, ndipo kanatheratu. Kuyambira pamenepo, malaiti akapita, kompyuta inkaiwala zonse n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale. Ndi diski imodzi, kuiwalako kunalibe kanthu, khomo linali limodzi. Uthenga wa F1 uja ndi umene unkanena zimenezi m'mawa ndi usiku, kuti zosungidwa zatayika, tsiku silinakonzedwe. Diski ya ku Katondo Street sinabweretse matenda. Inawapeza m'nyumba.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinkamva mwambiwu ngati wonena za mlendo wanzeru amene amathetsa zimene zakanika eni mudzi. Uyu wanga sanathetse kanthu. Anangokhala pa mpando wothyoka umene tonse tinkaulambalala, n'kugwa nawo, ife n'kumati wathyola mpando.

Kabatire kameneka si kosowa. Ndi komwe kaja ka m'makiyi a galimoto ndi m'masikelo a m'nyumba, ndipo okonza mawotchi pa msika amakhala nato. Tinakagula tsiku lomwelo pa mtengo wosafika ndalama imene ndikanalipira basi kupita ndi kubwera m'tauni kukabweza diski yosalakwa. Mnyamatayo anakalowetsa mbali ya chizindikiro cha + ili pamwamba. Kenako anachita chinthu chimene ndikanachita tsiku loyamba ndikanadziwa: atabwezera diski ija ya m'nyuzipepala, anasinthanitsa zingwe, diski ya Windows pa SATA0, mlendo pa SATA1, kuti ngakhale BIOS itadzaiwalanso, khomo loyamba kugogoda likhale la mwini nyumba. Anandichenjeza kuti malaiti akabwera F1 idzafunsidwa komaliza, ndilowe ndikonze tsiku ndi nthawi, koma ndisakhudze pamene palembedwa AHCI, chifukwa kusintha pamenepo Windows itaikidwa kale kumabweretsa sikirini ya buluu. Ananyamula chikwama chake n'kuthamangira basi ya ku Matero kusanade.

Zinayenda monga ananenera. Chimene sanandichenjeze, ndipo ndinatsala pang'ono kulira nacho, ndi ichi. Masiku onse aja ndinazolowera kuti mu Disk Management mlendo ndi Disk 0, wapamwamba, ndipo yanga ndi Disk 1. Zingwe zitasinthana, manambala nawo anasinthana. Usiku umene ndinaganiza zoyeretsa diski yatsopano, ndi maso a tulo, ndinapita pa mzere wapamwamba, ndinadina chigawo chachiwiri ndi batani la kumanja, ndinasankha Delete Volume. Kabokosi kanatuluka kofunsa ngati ndatsimikiza. Chala chili kale pa mbewa, diso linagwera kumanzere: 465 GB. Chimene ndinkafuna kufufuta chinali D. Windows siilola kuti ufufute chigawo chimene yakhalapo yokha, koma D yanga ikanaipereka popanda kukangana, agogo ndi maukwati a eni ali momwemo. Ndinadina No, ndinaimirira, ndinakamwa madzi. Musamakhulupirire nambala ya diski kapena malo ake pa mndandanda. Yang'anani kukula kwake, ndipo muzipatsa zigawo zanu mayina oti simungawasokoneze.

Za mafoda a mwini wake wakale tinakambirana masiku awiri. Amayi ankati zithunzi za mwana wakhanda si zinthu zotaya, mwina mwini wake akuzilira ngati mmene ine ndinalirira agogo usiku uja. Mwana wa mlongo wanga pa foni anati madiski otere amachokera kosiyanasiyana, ena m'makompyuta ogulitsidwa ndi maofesi, ena kwa okonza, ena m'njira zosalongosoka, ndipo anandiuza kuti ndisadziike m'nkhani. Ine ndinaona kuti amayi akunena zoona. Ndinatsegula kalata imodzi yokha yofunsira ntchito, ndinatenga nambala ya foni inali pamwamba, ndinaimba katatu masiku osiyana. Nambalayo sinkagwiranso ntchito. Kupitirira apo kukanakhala kufukula za eni, ndipo kusunga NRC ya munthu wosamudziwa m'nyumba mwanga sindinakufune.

Chimene chinandikwiyitsa, ndipo mpaka lero chimandikwiyitsa, ndi mawu aja akuti tinaifomata. Ngakhale chigawo chimene anafomatacho, ngati anachita mwachidule, zinthu zinali zikadalimo. Quick format imangong'amba tsamba la mndandanda, mafayilo enieniwo amatsala pa diski mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake, ndipo mapulogalamu owabwezeretsa ali mbwee pa intaneti. Tikamagulitsa laputopu yakale kapena kuisiya kwa okonza n'kuiiwala komweko, timapereka zambiri kuposa chitsulo. Kuyambira pa Windows Vista, kufomata kwathunthu, uko umachotsa kachizindikiro pa Quick format, kumalemba maziro pa diski yonse. N'kumene ndinasankha, nditafufuta zigawo zonse ziwiri, pa diski yolondola ulendo uno, n'kupanga chimodzi cha NTFS, dongosolo limene Windows imasungira mafayilo.

Ndisanayambe ndinaiyeza ndi CrystalDiskInfo, kapulogalamu kaulere kowerenga zimene diski imadzilembera yokha za thanzi lake. Inaonetsa Good, popanda malo owonongeka, koma maola amene inakhala ikuzungulira anali oposa 19,000. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye werengani nokha kuti "ili chabe bwino" anali ndi zaka zingati. Pa chifukwa chimenechi sindinasamutsireko agogo. Ndinawakopera, kuti akhale uku ndi uku, ndipo kope lachitatu lili pa fulashi m'chitini cha mabisiketi mmene amayi amasunga makadi a ku chipatala a ana. Madiski awiri a m'bokosi limodzi amadya mbale imodzi, magetsi akabwera mwaukali amapsera limodzi.

Kufomata kwathunthu kwa 1 TB kumatenga maola, ndipo ife maola tinali nawo owerengeka. Ulendo woyamba malaiti anapita ili pa 60 peresenti, ndinayambiranso mawa lake. Ulendo wachiwiri ndinayamba babu litangoyaka, ndisanavale ngakhale malaya, n'kukhala pamenepo ndikuyang'ana nambala ikukwera ngati munthu wodikira mphika wa nyemba. Amayi anamaliza kusita mayunifomu, anadzakhala pambali panga ndi tiyi. 94. 97. Panja galu wa aneba anauwa. Itafika 100 n'kulemba Healthy, ndinadina pa dzina lake n'kulemba kuti MLENDO, ndipo D ndinaitcha AGOGO. Patapita mphindi zosakwana khumi, mdima.

Usiku wotsatira ndinadina batani, fani inazungulira, mawindo anayi anatuluka okha, wotchi pakona ikunena 01:12. Ndinadzapeza chala changa chili pa F1, chikudikira.